Amayi avina m'magalasi a Yusufu

Salaam aleikum nonse. Imvani zachitika kusitolo kwathu ku Namadzi masana ano!

Yusufu wa amalume uja wabwera kuchokera ku Joni ndi chimagalasi chophimba nkhope, ngati cha owotcherera zitsulo. Akuti kumeneko anyamata amaseweretsa magemu. Ukachivala umapezeka uli pakati pa chinamtindi cha anthu, oimba ali pamaso pako penipeni, ng'oma zikugunda m'makutu.

Amayi anayamba akana, amvekere, "Zachibwana izo." Yusufu atawanyengerera, anavala.

Abale inu! Anawerama, dzanja limodzi kutsogolo, n'kumayenda pang'onopang'ono akuti, "Zikomo, zikomo, ndidutse nawo." Amapempha njira kwa anthu a m'magalasimo, chonsecho kutsogolo kwawo kunali matumba a nandolo okhaokha! Thumba lina mpaka analipatsa moni: "Mwaswera bwanji achimwene?" Ine nthiti kuwawa ndi kuseka.

Atafika pomwe amafuna, anamanga chitenje m'chiuno, kuimba nthungululu, n'kuyamba kuvina. Ogula anadzaza pakhomo.

Apo ndinasiya kuseka. Mukudziwa nonse kuti chimwalirireni abambo, Amayi sanavinepo. Ngakhale paukwati wa m'bale wathu Asiyatu anangokhala pamkeka.

Atavula magalasi aja, anapukuta thukuta n'kundifunsa, "Mawa aimbanso nthawi yanji?"

Yusufu akubwerera Lachisanu, ndipo magalasiwo apita nawo. Ndiye mukuti bwanji, timupemphe awasiye? Chifukwa ine sindingathe kuwauza Amayi kuti oimba aja apita.