Mankhwala Obiriwira a Malemu

Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pachipatala china chaching'ono chakumapiri, chakufupi ndi Kandeu, zaka zimene kuvota tinali titakuzolowera kale. Ntchito yanga inali yosandutsa matenda kukhala manambala. Adokotala akalemba matenda m'kabuku ka wodwala, ine ndinkafufuza nambala yake n'kuikopera m'kaundula wopita ku boma. Za malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba ndinkatha kuzilemba ngakhale ndikusinza. Ndipo kusinzako ndinkasinzadi, poti nyengo yozizira nkhungu inkatsika mpaka pawindo langa, minda ya kachewere n'kumaoneka ngati ikuyandama.

M'mawa wina wankhungu choncho panafika ngolo itanyamula bambo wina wachikulire, mlimi wa kachewere amene ndinkapemphera naye mpingo umodzi. Anabwera nawo ndi mwana wawo wamkazi. Bambowo ankapuma mwa apo ndi apo, timadontho takuda ta pakati pa maso awo titachepa ngati njere za mpiru. Adokotala atawabaya jakisoni mpweya unabwerera, koma nzeru zinatsalira kwina. Anayamba kubwebweta.

Sikunali kubwebweta koopsa ayi. Ankalankhula motsitsa, akumwetulira. Ankati akazi awo, amene tinawaika m'manda chaka chinacho, ali pakati pa mabedi akupalira kachewere, atavala chitenje cha chigwirizano cha amayi a kumpingo. Ankatiuza kuti tikweze miyendo chifukwa madzi othirira akudutsa pansi pathu. Ankanena mokoma moti ine, munthu wamkulumkulu, ndinangozindikira mapazi anga ali m'mwamba. Kwa kanthawi ndinamva ngati fungo la dothi lonyowa m'chipinda chonunkha sipiriti.

Mwana wawo ndiye anatifotokozera chiyambi chake. Mayi akewo anadwala khansa nthawi yaitali, ndipo ankalandira mofini, mankhwala amadzi obiriwira opha ululu waukulu. Atamwalira panatsala mabotolo angapo. Tsiku logawa katundu wa malemu, zitenje zinapita kwa achemwali awo, mapoto kwa ana, ndipo atafika pa mabotolo aja azakhali ena anati mankhwala abwino chotere satayidwa, apatsidwe bambo poti amadandaula msana akachoka kumunda. Onse anavomereza kuti azakhali aganiza bwino. Mpaka lero ndikawakumbukira azakhali amenewo mtima umandiwira, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno nanenso sindikanataya.

Bambo aja anamwa supuni imodzi chifukwa cha msana, ndipo atakhala tsonga pakhonde anaona akazi awo akubwera kuchokera kudimba. Mawa lake anamwanso, msana usakupweteka. Mabotolo atatha anayamba kupita ku Lizulu, n'kudumpha msewu wa m'malire a dziko, kukagula mapilitsi amtundu womwewo kwa munthu wina wogulitsa m'chikwama. Supuni imodzi inasanduka dzanja lodzaza.

Adokotala analemba mizere itatu m'kabuku ka bambowo, n'kunditumizira kuti ndipeze nambala. Ndinadandaula kuti bwanji tisangolemba misala, poti nambala yake ndinkaidziwa pamtima. Anandikhazika pansi. Anati pafunika kuoneka zinthu zitatu: mtundu wa mankhwala, kuti thupi lawazolowera moti silingakhale popanda iwo, komanso kuti kubwebwetaku kwabwera chifukwa chomwa ambiri, osati chifukwa chowasowa. Chilichonse chili ndi nambala yake ndi chithandizo chake. Tikalemba misala, dokotala wina adzawapatsa mankhwala ogonetsa, mpweya n'kuthawiratu. Tikalemba msana, adzawaonjezera omwewo amene atsala pang'ono kuwapha.

Ndinatsegula buku lalikulu la manambala, limene nthawi zambiri linkagwira ntchito yotsekera windo kuti lisamenyeke ndi mphepo. Ndinayenda ndi chala m'masamba a matenda amene sindinawamvepo, mpaka ndinaipeza. Inali nambala yaifupi, yoyamba ndi chilembo. Ndinadabwa kuti dimba lonse lija, madzi ake ndi mayi wopalira uja zakwana m'kabokosi kosaposa chikhadabo.

Patapita masiku nzeru zawo zinabwerera. Asanawatumize kuchipatala chachikulu kuti akawachepetsere mankhwalawo pang'onopang'ono, anabwera pawindo langa kudzatenga kabuku kawo. Anaima chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, zimene mwalembamu, akaziwerenga uko adzandipatsabe aja obiriwira?"

Ndinawauza zoona, kuti adzawapatsa ochepa, kenako ochepetsetsa, kenako basi.

"Ndiye lembani msana," anatero. "Inu ndi amene mumagwira cholembera. Sindikufuna zambiri. Mayi anu aja amangobwera, kupalira mzere umodzi, n'kumapita."

Mayi aja ndinkawadziwa, ankaimba mawu apansi kumbuyo kwanga m'kwaya, ndipo kunena zoona nanenso ndikanakonda atapitiriza kubwera. Koma ndinali nditawaona bambowa pangolo milomo itachita bii. Ndinawayankha kuti cholembera ndi changa koma mawu si anga, ndipo ngakhale akanakhala anga sindikanawasintha. Sanakangane nane. Anapinda kabukuko bwinobwino, kukaika m'thumba la jekete, n'kundithokoza, ndipo kuthokozako kunandipweteka kuposa akanandilalatira.

Kumapeto kwa mwezi nambala ija inapita ku boma ili yokhayokha pansi pa mulu wa malungo. Palibe amene anafunsa kuti ndi ya yani.

Ndinadzakumana nawonso nyengo yokolola, pamsika wa Lizulu. Anali atanenepa, maso ali gwa, akutsitsa okha thumba la kachewere panjinga. Mwana wawo anali pambali akuunjika milu, akuseka ndi ogula. Ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinawapatsa moni mokweza ngati munthu wodzalandira chithokozo.

Anati ali bwino, msana unasiya, kudya akudya, tulo akugona mpaka m'mawa. Anasankha kachewere wamkuluwamkulu n'kumandiikira m'thumba mmodzimmodzi, osandiyang'ana.

"Munachita bwino, mwana wanga," anatero. "Koma chilembereni nambala yanu ija, mayi anu sanabwerenso. Tsopano ndikati ndiwakumbukire, ndimangoona chitenje. Nkhope yayamba kundithawa."