Galu Amene Talkmore Anasiyira Bambo Ake

Alamu anga a Gedion palibe amene sawadziwa ku Redcliff kuno. Mukatsika kombi n'kufunsa kuti kwa mudhara, mdala wa agalu uja, n'kuti, akulozerani nyumba yozunguliridwa ndi gavakava, chomera chija cha masamba onenepa, chaminga m'mbali, chimene ena amati alovera. Ine ndine Noria, mng'ono wa malemu akazi awo a Dorah. Nyumba zathu n'zoyang'anizana, akatsokomola ndimamva, ndiye za iwo musandiuze ndinu. Komanso nkhaniyi ine ndili momwemo, sindibisa ayi.

Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito m'migodi. Alamu angawo anabadwira ku Zvishavane, ndipo ku Malawi sanapondeko mpaka lero. Cholowa chimene bambo awowo anawasiyira n'ziwiri basi: Chichewa, ndi nzeru yochiza agalu. Atakula anadzalowa ntchito pafakitale yazitsulo kuno, zaka makumi atatu akuwauka pang'anjo, nsidze n'kuthera pomwepo.

Moto utazima pafakitale mu 2008, anthu anayamba kusamuka. Wina ku Gweru, wina ku Botswana, ambiri ku Joni. Mipando imakwera lole, galu sakwera. Agalu anatsala akulondera nyumba zopanda anthu, njala n'kuwagwira, utitiri n'kuwagwira, kenako gwembe, mphere za agalu zija zothothola ubweya mpaka khungu kuchita nkhanambo ngati mphika wopserera. Ife tinkawagenda. Alamu anga ankawaitana.

Kachizidwe kawo ndikhoza kukachita nditatsinzina, poti ndakaonera zaka zambiri ndikuwanyoza. Ankasefa madzi a phulusa, kuwafunditsa pang'ono, n'kumusambitsa galuyo, uku akupala nkhanambo ndi chitsononkho pang'onopang'ono. Akauma, ankang'amba tsamba la gavakava pakati n'kupaka zoterera zakezo paliponse pamene pathothoka. Mawa lake mafuta a nsatsi osinja okha. Masaka ogonapo galuyo ankawatentha. Kenako ankatenga chidebe chakale chapulasitiki, kuboola kunsi, n'kumuveka m'khosi kuti asadzinyambite, iwo n'kukhala naye pamthunzi mpaka mankhwala atalowa. Katatu pa sabata, miyezi iwiri, nthawi zina itatu. Ena ankachira, ena ayi, ndipo amene wawakanika ankanena poyera kuti uyu ngwa dokotala wa ziweto ku Kwekwe.

"Inu alamu," ndinkatero ine, "achemwali anga munawasulako msana chonchi ali moyo?"

Ankangoseka. "Make Nyaradzo, khungu silithamanga. Mukalithamangitsa limakwiya."

Mwana anali naye mmodzi yekha, Talkmore. Mu 2011, maliro a mayi ake atangotha, mnyamatayo anamanga chikwama kuti akupita ku Joni. Anali ndi kagalu kofiirira, kamchira wopindika, dzina lake Simbi. Tsiku lonyamuka ine ndinalipo. Anakanyamula kagaluko n'kukaika pamiyendo pa bambo ake.

"Mudhara, mundisungire Simbi. Zikangoyenda ndibwera kudzamutenga."

Mawu a munthu wothamangira basi, aliyense amanena. Koma alamu anga anawameza onse, n'kukhala nawo. Kwa iwo zinali zosavuta: galu alipo, ndiye mwana ali ndi chobwerera. Simbi akakana kudya, iwonso sankadya. Akatsimphina, tulo panalibe. Ankalankhula ndi galuyo Chichewa, chimene mwana wawoyo ankachiyankha m'Chishona. Foni inkabwera mwina kawiri pachaka, ndipo nthawi zonse alamu ankamaliza ndi mawu omwewo, "Simbi ali bwino," asanafunsidwe n'komwe. Ine zinkandipsetsa mtima. Ndinkati munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, n'kumapachika moyo wake pamchira wa galu, ha!

Zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho. Simbi anakalamba, kukamwa kunachita imvi, ndipo chilimwe cha 2022 gwembe inamugwira. Inayambira m'makutu, n'kutsikira m'khosi ndi kumsana. Alamu anayamba ntchito yawo ija mosatekeseka. Pofika kumapeto kwa Novembala makutu anali atayamba kumera timaubweya, koma msana wonse unali mbee, wosweka.

Ndi nthawi imeneyo pamene foni inalira. Talkmore akubwera pa Khirisimasi, masiku anayi.

Mayo ine, mukanawaona! Anasesa chipinda chimene chinali chosesa kale. Anachapa makatani. Koma madzulo ena ndinawapeza atakhala pakhonde, dzanja lili pamsana pa galuyo, nkhope yagwa.

"Andipeza ndamusunga chonchi? Adzati bambo anga amachiza agalu a eni, wanga n'kumulekerera."

"Kwatsala masabata atatu," ndinatero.

"Akufunika asanu ndi limodzi."

Pamenepo ndi pamene satana anandilowa, ndipo anandilowa kudzera m'chisoni. Ife okulira m'makomboni a migodi tonse timadziwa mankhwala ena a gwembe: oilo wakuda wotsala mu injini. Malemu amuna anga ankabwera naye m'botolo kuchokera ku shefuti ya mgodi, kumupaka galu, basi. Azibambo onse ankatero, ndipo tinkakumbukira agalu amene anachira, amene anafa tinkati anali odwala kale. Ndinawauza alamu. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Oilo ngwa makina. Galu si makina. Musadzayerekeze."

Ine mumtima ndinati mdala uyu ndi wouma mutu, n'chifukwa chake achemwali anga anaonda. Ndinati ndimuthandiza asakufuna, adzandithokoza pambuyo.

Lachiwiri lina anakwera kombi kupita ku Kwekwe kukagula bulangeti latsopano la mwana wawo. Ine ndinapita kwa amakanika apamsewu n'kukapempha oilo wodzaza chigubu. Simbi ankandidziwa, anandigwedezera mchira. Ndinamuvula chidebe chija m'khosi poti chinkandisokoneza, n'kumupaka kuyambira kukhosi mpaka kumchira, ngakhale pamimba pomwe panalibe nthenda, kuti isafikepo. Ndinamumangirira pamtengo wa waya woyanikapo zovala, padzuwa, chifukwa ndi mmene amuna anga ankachitira, ati kuti mafuta alowe. Chidebe ndinaiwala kumubwezera. Ndinasamba m'manja ndi sopo n'kupita kukagulitsa tomato wanga, mtima uli mbee, ndikudziona ngati munthu wanzeru.

Dzuwa la tsiku limenelo mvula inali itakana, linkaotcha ngati ng'anjo yawo ija. Pobwerera masana ndinapeza bulangeti lili pansi pageti, likadali m'pepala lake. Alamu anali atagwada kuseri, malaya a tchalitchi ali bii, akumusambitsa Simbi ndi madzi a sopo, kutaya, kutunga ena, kusambitsanso. Galuyo anali atanyambita mbali yonse imene lilime linafika. Ankasanza zakuda, miyendo ikunjenjemera.

"Alamu, ndine," ndinatero. "Ndimafuna..."

"Tungani madzi," anatero. Sanatukule mutu.

Ndinatunga. Tinamumwetsa makala osinja, tinamukulunga m'thumba lonyowa. M'mawa mwake anamunyamula pamsana ngati mwana kupita naye kwa dokotala wa ziweto, koma dokotalayo anangopukusa mutu, ati impso za galu wokalamba sizipirira zotere. Lachinayi dzuwa likupendeka Simbi anafa, mutu uli paphazi pa alamu.

Anamukwirira kuseri, pakati pa gavakava. Ine ndinaima chapatali ndikudikira kuti andilalatire. Ndinkafuna andilalatire, anditchule mfiti, anditukwanire akumanda omwe, mwina mtima ukanatsika. Iwo anangopukuta khasu n'kunena kuti, "Mwana akafunsa, ndinena kuti ndine. Inu musatsegule pakamwa. Mayi wamng'ono ndi mayi, asakuderereni."

Chilango chimenecho sindidzachiiwala. Bola akanandimenya ndi khasulo.

Masabata otsalawo ndinkawamva pakhonde akuyeseza mawu, ngati mwana wokalakatula ndakatulo kusukulu. "Mwana wanga, ndinayesetsa." Ayi. "Talkmore, galu wako ndamulephera." Ankasintha, kubwereza, kusinthanso. Anaonda. Mbale ya Simbi anaitsuka n'kuiika pamwamba pa kabati.

Talkmore anafika pa 23 Disembala, wonenepa, ndevu zometa bwino, mafoni awiri. Mwana wabwino ndithu, musandimve molakwa. Anandikumbatira ine mayi wake wamng'ono, "Mainini, simukalamba!" Anabweretsa mafuta ophikira, shuga, nsapato za bambo ake zimene zinawathina koma anavala. Analowa pageti, alamu atagwira mpweya. Anadutsa pakhonde pamene galu amagona, osayang'anapo.

Tsiku loyamba sanafunse. Alamu anandinong'oneza kuti watopa ndi ulendo. Tsiku lachiwiri anapita kukaona anzake ku Kwekwe. Tsiku lachitatu, tikuchokera ku tchalitchi, anazungulira kuseri akuyankhula pafoni, n'kuima ndendende pamwamba pa dothi lofiira la manda a Simbi, nsapato yake ikufukula timiyala. Ine ndinathawira m'nyumba, misozi inali itandipambana.

M'mawa wa tsiku lachinayi tinamuperekeza kokwerera kombi, alamu atamunyamulira chikwama ngakhale ankawakaniza. Kondakitala anali akukuwa kale kuti Gweru, Gweru. Talkmore anaponda pachitseko. Apo alamu anamugwira dzanja la malaya, n'kuvula chipewa.

"Mwana wanga, pali chimene sindinakuuze. Galu wako uja anafa. Ndinamusunga, koma ndinalephera. Undikhululukire."

Talkmore anawayang'ana, akumwetulira mwaulemu, maso akufufuza.

"Galu uti, mudhara?"

"Simbi."

"Aa, kaja! Kanali kakadali moyo? Shuwa munakasunga. Musadandaule, ndikutumizirani wina, wamtundu."

Chitseko chinatsekedwa. Anatibayibitsa pawindo, kombi n'kunyamuka.

Tinabwerera wapansi, iwo akutsimphina ndi nsapato zothina zija, chipewa chikadali m'manja. Ine ndinkalira poyera, anthu akundiyang'ana, ndipo sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani, mwanayo kapena ine mwini. Titafika pageti pawo tinapeza kagalu kena kachilendo katagona pamthunzi wa gavakava, makutu ali nkhanambo zokhazokha. Kale akanagwada pomwepo. Tsiku limenelo anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa ine makiyi a kashedi kosungiramo nsatsi ndi zidebe.

"Make Nyaradzo, kachitidwe kake mumakadziwa. Ine ndatopa."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinapita kukasefa phulusa.