Mpando wa Pansi pa Mkuyu

Amuna anga ankajambula mapulani. Sindikunena zithunzi ayi, koma mizere ija amayang'ana amisiri asanayambe kukumba. Tinkakhala ku Mangochi m'zaka zimene nkhondo ya ku Mozambique inkatibweretsera anthu tsiku ndi tsiku, ena atasenza mphasa ndi mapoto, ena atangobereka ana basi. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kanyumba kosungiramo makala, ndipo banja lina lachinyamata linapempha kuti lizigonamo. Bambo, amuna angawo, anavomera mwa njira yawo, ndiye kuti sananene kanthu, anangopita kukatulutsa makalawo.

Mkaziyo anali wamng'ono kwa ine, Myao wa tsidya lina la malire, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Chitenje ankachitcha kapulana. Ndinkamuseka nazo, mpaka naye anayamba kuseka Chiyao changa chotsimphina. Iye anali Msilamu, ine wa Angilikani wobadwira kumishoni, koma pamtondo ndi padooko zimenezo sizinkafikako. Mwamuna wake ankagwira ganyu yokoka khoka ku Nkhudzi, kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Choncho masiku ambiri tinkakhala awiriwiri, ndipo ankanditcha achemwali.

Mimba yake yoyamba inapita pachabe. Mwana anabadwa wathunthu, wamwamuna, koma sanalire. Mzamba amene tinamuitana, mayi wachikulire wa ku Chowe, anangomufunditsa kansalu n'kunena kuti, "Uyu ndi mtayo. Mukudziwa mwambo wake."

Tinkaudziwa. Mtayo saulira, sauimbira nyimbo, ndipo mwamuna sauzidwa pamene wagona, ngakhale bambo ake enieniwo. Amaika ndi ntchembere zokha, panthaka yonyowa, m'kadzenje kosafika ndi m'bondo momwe, ndipo pamwamba saikapo cholemera. Amati ukamukwirira mozama kapena kumupsinja, watseka njira ya ana obwera m'mbuyo mwake. Ine ndinakula ndikumva zimenezi, amayi anga akunena ndi pakamwa pomwepo pamene ankaimbira nyimbo za kwaya.

Vuto linali malo. Othawa nkhondo analibe manda awo m'tauni. Mzamba anandiyang'ana n'kuti, "Eni dera ndinu. Tilozereni pamene sipaponda anthu."

Ndine ndinasankha. Kumunsi kwa mlatho, m'mbali mwa Shire, kunali malo amene tauni inawaiwala: bango lowirira, zinyalala zochokera kumsika, mabwato owola, ndi mkuyu waukulu umene mizu yake inatumphuka pamwamba pa nthaka. Tinapita Lachisanu masana, amuna ambiri ali kumzikiti, titasenza mabeseni ngati tikukachapa. Tinakumba pakati pa mizu iwiri, mbali yoyang'ana kumsewu. Mayi wa mwanayo sanapite nawo, anali chigonere. Nditabwerako n'kumuuza za mkuyuwo, anandifunsa chinthu chimodzi chokha.

"Achemwali, mutu mwaulozetsa kuti?"

"Kumsewu," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma.

Patapita chaka ndi miyezi, bambo anabwera kuchokera kuntchito atakhwapatira chipepala chokulungiza, akuyenda ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Munthu amene moyo wake wonse anajambula zimbudzi za pamsika ndi ngalande za madzi oipa, tsopano anapatsidwa ntchito yokonza gombe la mtsinje. Bungwe lina linali litalonjeza simenti. Anayala chipepalacho patebulo, n'kupsinja m'makona ndi makapu anga a tiyi.

"Mayi, tauni ino inafulatira mtsinje wake," anatero. "Madzi okongola chonchi, ife timawayesa kuseri kwa nyumba."

Anandionetsa njira ya anthu oyenda pansi yotsata gombe, masitepe otsikira kumadzi kuti amayi asamaterereke pochapa, pokocheza mabwato, mzere wa mitengo ya mbawa, ndi mipando apa ndi apo. Kunena zoona, zinali zabwino. Ndinali nditagwapo kawiri pamatope a padooko ndi beseni kumutu, ndiye masitepewo ndinawawombera m'manja. Kenaka ndinaona kabwalo kakang'ono kothethedwa ndi pensulo, pakati penipeni pa njirayo.

"Nanga aka?"

"Ndi mkuyu uja. Tiudula, tizule ndi chitsa chomwe. Njira iyenera kuwongoka."

Kuzula chitsa ndiye kuti makasu a amuna pakati pa mizu ija.

"Bambo, mkuyu umenewo musaudule."

"Chifukwa?"

Chifukwa chinali pakamwa panga pomwepa, mawu osakwana ndi mpweya umodzi. Koma amene ankafunsayo anali mwamuna. Ndiye ndinayamba kubwebweta za mthunzi, za mbalame, zoti mtengo wotere sumera chaka chimodzi, zoti ine ndimaukonda. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, poti sanandimvepo ndikukonda mtengo wina uliwonse kupatula wa nkhuni.

Mawa lake anabwera akumwetulira mpaka m'makutu. Anali atafufuta mzere wowongoka uja, njira n'kuikhotetsa kuti ilambalale mtengo. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Kenaka chala chawo chinaloza chinthu chatsopano: mpando wa konkire wozungulira tsinde lonse, ndi pansi pake powaka bwino kuti anthu asamaponde fumbi.

"Mwandipatsa nzeru, mayi. Mtengowu ndiye ukhala mtima wa malo onse. Ndipo musade nkhawa ndi mizu yanu, sitikumba. Tingoyala miyala pamwamba n'kuthira konkire."

Anakauzanso anzawo kuofesi kuti maganizowo ndi a akazi awo. Mkazi wa mnzawo wina anandiyamikira kutchalitchi, ine n'kumangoti zikomo.

Ndinayesa kubweza. Ndinati nkhuyu zikamagwa zimaitana ntchentche, mbalame zidzaipitsira anthu zovala, pamenepo pali linthumbu. Bambo anangoseka. "Dzana mumaukonda, lero mwaupeza zifukwa. Akazi inu!" Ndinapsa mtima, ndinawatsekera chitseko mwamphamvu, koma chimene ndinkapsera mtima sindinachinene.

Mnzanga uja sindinamuuzenso. Apa ndiye palibe mwambo umene ndingabisaleko, poti iye anali mkazi ndiponso mwini mwana. Tikanatha kutuma uthenga ku Chowe, mzamba akanadziwa chochita, mwina kusamutsa, mwina china. Koma ndinkachita manyazi kukanena kuti malo ndinasankha ndine, ndipo mpando ndaitana ndine. Ndinadzinamiza kuti ntchito za m'tauni timazidziwa, zimathera pokhoma zikhomo ndi kumanga zingwe, kenaka mbuzi n'kudya zingwezo. Ndinkafuna kusunga mwambo, kusunga nkhope yanga kwa bambo, ndi kusunga mnzanga, zonse pamodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

Ntchito imeneyi yokha sinathere pazikhomo. Simenti inabwera msanga ngati ikuthawa mvula.

Tsiku lina m'mawa mnzangayo anapita kukachapa. Sanachedweko. Ndinamuona akulowa pampanda ndi beseni la zovala zouma, zosachapa. Analitula pansi bwinobwino, n'kukhala pakhonde la kanyumba kake. Ndinapita kukakhala pambali pake.

"Athirapo simenti," anatero.

"Eya."

"Achemwali, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Ndinadikira kuti andilalatire. Ndinkafuna atandilalatira, atanditukwana m'Chiyao chimene sindimva, ataswa beseni. Iye anangopotokola ngodya ya kapulana yake, kenaka anati, "Munachita bwino osawauza abambo. Ndi amuna." Za iye mwini, zoti bwanji sindinamuuze, sanafunse. Mpaka lero funso limene sanafunselo ndi limene limandiwawa.

Sanaimenso. Mwezi unkatha, wina n'kubwera, iye ali chimodzimodzi. Ndikudziwa zimene anamwino anganene, zoti kubereka kovuta kuja kunaononga zina m'kati, zoti thupi lake linafooka ndi njala ya m'tchire pothawa nkhondo. Ndikudziwa kuti simenti silowa m'mimba mwa munthu. Koma iye ankakhulupirira kuti njira yatsekeka, ndipo ine, pakati pa usana ndikusenda chinangwa, ndinkakhulupirira naye. Mwamuna wake anayamba kuchedwa ku Nkhudzi, kenaka tinamva kuti wakwatirako wina.

Ine ndiye ndinaima. Ndinabisa mimbayo m'zitenje mpaka inakana kubisika. Iye ndi amene anayamba kuiona, ndipo anaseka n'kundilanda mtsuko kuti ndisamanyamule zolemera. Mwana wanga wamkazi atabadwa, anakulira kumsana kwake, m'kapulana yomwe ija. Ankamuimbira nyimbo za kwawo. Ine ndinkawayang'anira pazenera, ndikulephera kutuluka.

Tsiku lina bambo akusongola pensulo, ndinawafunsa ngati nkhani wamba. "Kodi mpando uja mukanati muuike pena, zikanavuta?"

"Simenti isanathiridwe?" Anatola labala wofufutira patebulo n'kundionetsa, kanthu kochepa ngati chala chachikulu. "Ndi aka basi. Bwanji, simukuukondanso?"

Ndinati ndimangofunsa. Anamwalira patapita zaka zambiri akunyadirabe mpando umenewo, ndipo sindinawauze.

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Mnzangayo anaganiza zopita ndi banja la mlongo wake, poti kuno analibenso chomusunga. Ndinamuperekeza kokwerera, mwana wanga ali kumsana kwake mpaka pa lole penipeni. Ndinali nditakonza mawu opepesa, ndinawaloweza ngati vesi. Anamasula mwanayo n'kundipatsa, n'kumangirira kapulana yake m'chiuno. Ndisanatsegule pakamwa anandigwira dzanja n'kuyandikitsa nkhope yake, kuopa amuna amene ankakweza katundu.

"Achemwali, mukamapita kumpando kuja muzikhala mbali ya kumtsinje. Kumsewu ndi kumene kuli mutu."

Anakwera, lole inanyamuka. Sindinamvenso za iye.

Mpandowo ulipobe. Konkire inang'aluka mwina ndi mwina chifukwa mizu ikukula, koma anthu amawakonda malowo monga bambo ananenera. Amayi amachapa pamasitepe osaterereka, ogulitsa nsomba amapumirapo, ndipo amuna amabwera ndi bawo lawo. Iwo amakonda mbali ya kumsewu, poti masana mthunzi umagwera kumeneko. Amakhala mothithikana, kuseka, kumenyetsa mapazi pansi wina akadyedwa.

Ine ndikapita ndimakhala mbali ya kumtsinje, padzuwa. Nthawi zina mmodzi wa iwo amandimvera chisoni n'kusendera. "Amayi, bwerani kuno kumthunzi, malo alipo."

Ndimati zikomo bambo, pano pali bwino.