Ntchito Zimene Ndinkamaliza Belu Lisanalire

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anabereka mapasa. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Nambuma, ndipo ine ndinali mu Sitandade 5. Mkulu wanga Felesiya anali m'kalasi lomwelo chifukwa anali atabwereza kawiri. Anawo atabadwa, ntchito za pakhomo zinagwera atsikana awirife, koma kunena zoona zinagwera ine. Felesiya anali munthu wotsuka mbale imodzi kwinaku akuonerera nkhuku zikumenyana.

Mwezi woyamba ndinkachedwa kusukulu tsiku lililonse. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo, ndipo linkamveka mpaka kwathu. Linkalira ine ndili pamzere kumjigo, ndowa ilibe madzi. Ochedwa ankatipatsa chikwakwa kuti titchetche udzu kuseri kwa zimbudzi anzathu akuphunzira. Tsiku lina ndinafika kunyumba ndikulira, m'manja muli matuza okhaokha.

Amayi anandikhazika pamkeka, mwana wina ali kubere, wina ali pamiyendo.

"Esinati, ntchitozi sizochuluka ayi," anatero. "Vuto lako ukumaziyamba mmawa. Za mmawa uziyambe dzulo lake."

Anandiphunzitsa chimodzichimodzi. Madzi ndizitunga masana pochokera kusukulu, nthawi imene kumjigo kulibe anthu, ndidzaze mitsuko yonse iwiri. Nkhuni ndiziwaza Loweruka, za sabata yonse, n'kuziika pansi pa nkhokwe kuti mvula isazinyowetse. Tikatha kuphika madzulo ndizikwirira chikuni m'phulusa, kuti mmawa ndisamayende makomo a eni kukapala moto. Matewera ndizinyika madzulo, mmawa kungotsukuluza n'kuyanika. Ndipo ndikadzuka, poto wa madzi azikhala pamoto ndisanagwire tsache, kuti madzi aziwira ine ndikusesa.

"Ukamamaliza zimenezi belu lisanalire, palibe adzakuletse sukulu," anatero amayi. "Ndikunena ndine mayi ako."

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Ndinayamba kuwonjezerapo nzeru zanga. Mbatata ya mmawa ndinkaiphikiratu madzulo. Yunifolomu ndinkaipinda bwino n'kuiika pansi pa mkeka wogonera kuti iwongoke yokha. Pasanathe miyezi iwiri ndinkafika kusukulu bwalo lili zii, mame asanaume, ndipo masiku ena aphunzitsi ankandipatsa ine kachitsulo koimbira belu. Pa mayeso a teremu imeneyo ndinakhala nambala fili. Azimayi akamadutsa pakhomo pathu ankati, "A Nabanda, mwana uyu mwamulera," ndipo amayi ankaseka mokondwa.

Kenako fodya anakhwima. Amene analimapo fodya akudziwa kuti mwezi wa Febuluwale munthu sapuma. Kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, ndipo masamba sadikira. Loweruka lina tinakhala tonse pansi pa chigafa tikusoka, manja ali bii ndi utomoni, fungo la fodya wamuwisi likuwawa m'mphuno. Mapasa anali gone pachitenje pambali pathu.

Abambo anatsokomola, n'kuyamba.

"Nabanda, fodya akupsera m'munda. Mmodzi mwa atsikanawa atsale pakhomo kuti iwe uzindithandiza. Ine ndikuti atsale Felesiya. Sukuluyo ikumukana kale."

Felesiya sanadandaule. Ndinamuona akumwetulira chamumtima. Ine ndinapitiriza kusoka mtima uli m'malo, poti nkhaniyi sinali yanga.

Amayi sanadzutse mutu.

"Felesiya? Mukufuna tizidya dzuwa litapendeka, eti? Matewera angaolere m'beseni. Atsale Esinati. Uyu ndiye ntchito amaidziwa."

"Koma uyu ndi amene akukhoza m'kalasi," anatero abambo.

"Ndiye sadzavutika kubwerera. Ndi chaka chino chokha."

Singano inandilasa pachala, koma sindinamve kuwawa. Ndinati, "Amayi, suja munanena kuti..."

"Ndinanena chiyani? Soka fodyayo."

Abambo anangoti, "Chabwino, mwini khomo ndiwe." Nkhani inathera pomwepo.

Lolemba ndinadzuka monga mwa masiku onse, poti thupi linali litazolowera. Ndinakoleza moto, ndinasesa, ndinayanika matewera. Belu linalira ine nditaima pakati pa bwalo losesasesa, ntchito zonse zitatha, ndilibe kopita. Felesiya anatuluka mochedwa atavala yunifolomu yanga, chifukwa yakeyo anali asanaichape. Amayi anandipatsa mwana mmodzi kumsana, wina m'manja, n'kunyamula khasu ndi chisaka kulowera kumunda. Sanandiyang'ane kumaso.

Nthawi yonse imene ndinaipulumutsa ija inapeza ntchito zina. Kuchigayo ndinkapita ine. Chakudya kumunda ndinkapititsa ine. Mbuzi zikamasuka, ankaitana dzina langa. Ndikamaliza msanga, ankandiwonjezera. Chaka chotsatira fodya anakhwimanso, amayi anali ndi pakati pena, ndipo za sukulu yanga palibe anazitchulanso. Felesiya anaisiya yekha sukuluyo chaka chisanathe, popanda womuletsa. Pambuyo pake anakwatiwa ku Kabudula.

Amayi anatisiya mwezi wa Epulo chaka chino. Anadwala miyezi isanu, ndipo amene anawadwazika ndi ine, m'nyumba mwanga, m'chipinda chimene anamwalirira amuna anga zaka zitatu zapitazo. Masiku ambiri ndinkafuna kuwafunsa ngati ankakumbukira zimene anandilonjeza pamkeka paja. Tsiku lina ndikuwasambitsa anandigwira mkono n'kunena kuti, "Esinati, popanda iwe ndikanatani ine? Unali dzanja langa kuyambira uli mwana." Iwo ankaona ngati akundithokoza. Ine ndinangowathira madzi kumsana.

Sindikuti amayi anali munthu woipa. Nanenso ndabereka, ndikudziwa kutopa kwa mayi amene ali ndi ana awiri kubere ndi fodya m'munda. Ndipo zimene anandiphunzitsa n'zabwino. Ndi zomwezo zimene zagwira khomo langa chimwalirireni bambo a ana anga, moti ndimalima, ndimagulitsa tomato pamsika, ana n'kumadya pa nthawi yake. Koma anadziwa chimene ndinkathamangira mmawa uliwonse, anadziwa chimene ananena, ndipo anasankha. Pamaliro pawo ndinalira kwambiri, koma misozi ina inali yolirira mtsikana uja amene anaima pabwalo belu likulira, alibe kopita.

Chimene ndikudziwa lero n'chakuti pakhomo potanganidwa, mwana wachangu ndi amene amadyeredwa. Aliyense amatsamira pa iye chifukwa n'kosavuta, ndipo wochedwa amapulumuka. Nthawi imene mwana waipeza ndi khama lake ndi yake, si ya pakhomo.

Ndili ndi atsikana awiri. Wamkulu, Chisomo, ali ndi manja ngati anga. Dzulo anamaliza kuchapa msanga n'kukhala pansi kuti athandize mng'ono wake kutongola chimanga cha kuchigayo. Ndinamulanda lichero.

"Zako watha. Choka apa."

"Koma amayi, uyu achedwa nacho."

"Achedwe."

Anandiyang'ana ngati ndamulakwira, n'kutenga makope ake kupita pansi pa mtengo wa mango. Chimangacho chinatha dzuwa likulowa, chigayo atatseka kale. Tinagonera maungu, ndipo sindinadandaule.