Aneba ndi Makamera Awo Awiri

Aneba athu, mdala wopuma pa ntchito yojambula zithunzi, amakonda kamera yawo yafilimu ngati mwana. Ndi yolemera ngati njerwa, ya mtundu woti ngakhale ogula zakale saufuna. Mkati mwake muli kagalasi kamene kamatembenuka pojambula, n'kulira kuti "kha!" mpaka mphaka kuthawa.

"Kamera yaulemu imauza munthu kuti wajambulidwa," amatero.

Mkamwini wawo anawagulira ina yopepuka, yosuzumira pakawindo kapambali, yopanda kagalasi kaja, yojambula mwakachetechete. Tsiku loiyesa banja lonse linandanda pakhonde, mano panja. Mdala anadina, koma palibe anamva. Onse anangoti chilili kudikira "kha!" uja, ngakhale akazi awo, amene kulongolola ndi chakudya chawo. Mdala anangowasiya choncho, diso pakawindo, akumwetulira.

Mayi atatopa anafunsa mano ali chilumanire: "Kodi bambo, simunathebe?"

"Musagwedezeke, mayi. Zatsopanozi zimachedwa."

Masiku ano mdala amakoleka makamera onse awiri m'khosi. Yakale ija ndiyo yojambulira. Yatsopanoyo amaikweza n'kuwaloza nayo mayi akangoyamba nkhani ya denga lodontha.