Tsiku limene mlangizi wa pakoleji anatisiya pakhonde

Lachitatu lapitali ndinavala diresi langa la pa Sabata n'kupita kukapepesa mlandu umene sindinkaudziwa bwinobwino.

Anandiimbira foni ndi Bambo Tembo, anzathu a kutchalitchi. Kwawo ndi ku Lusaka, koma anakwatira mwana wa kwathu ku Dedza, ndipo amakhala ku Beaumont Leys, muno mu Leicester ku Mangalande. Anati kukoleji kwachokera uthenga woti mlamu wawo Tadala akaonekere ku ofesi ya mlangizi wa ophunzira. Tadala ndi mng'ono wa Mayi Tembo, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi kanthu, amene anabwera chaka chatha kudzachita kosi yolowera ku unamwino. Akuti wakhala akujomba m'kalasi, ndipo zikapitirira amuchotsa pa kosi. Inu a muno mukudziwa kuti wophunzira wochokera kunja akachotsedwa pa kosi, mapepala ake okhalira m'dziko muno amagwera limodzi.

"Ba Anti, imwe muziba kukamba na bazungu," anatero Bambo Tembo. "Tiyeni tikapepese pamozi."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Ndani safuna kutchedwa wodziwa kuyankhula ndi azungu?

Paja ife tinakula tikudziwa kuti ku ofesi sapita munthu yekha. Mphunzitsi wamkulu akakuitana, unkadziwa kuti mawu otsatira ndi akuti kaitane makolo ako. Ku ukwati timatuma ankhoswe, kuchipatala timapita ndi wotidikirira, ndipo pa mlandu wolakwa amakhala chete, oyankhula ndi akuluakulu ake. Ndiye tinakonzeka monga mwa mwambo. Bambo Tembo anakansela shifti yawo ya kuntchito ku Corby n'kuvala suti. Mayi Tembo, amene amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba, anabwera osagona, maso ali psuu. Ine ndinakumana nawo m'tauni kuchokera kwathu ku Highfields.

M'basi tinagawana mawu. Ine ndiyambe ndi kuthokoza koleji chifukwa chotilezera mtima, bambo apepese, mayi alonjeze kuti mtsikanayu amuyang'anira ndi maso awiri. Tadala sitinamugawire mawu alionse. Anakhala mpando wa kumbuyo kwathu atafukata Mphatso, mwana wa a Tembo wa zaka ziwiri, chikwama cha matewera chili paphewa.

Mlangizi uja anali mayi wamfupi wovala juzi yotuwa. Atatsegula chitseko anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anayang'ana timipando tiwiri ta mu ofesi mwake. Ine sindinachedwe, ndinatulutsa Chingerezi changa chositasita chija. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati palibe mlandu uliwonse, Tadala ndi munthu wamkulu, ndipo akufuna kucheza naye payekha. Anati Tadala akafuna kuti tilowe, atiitana mwiniwakeyo. Anatilozera mipando ya pakhonde ndi makina ogulitsa tiyi. Tadala anapereka mwana kwa mayi ake, chitseko n'kutsekedwa.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ine Nachisale, amene maukwati angapo a muno mu Leicester ndinawakhalira pakati, kundisiya pakhonde ngati ambulera yonyowa?

"Manje ise tabwelela chani?" anafunsa Bambo Tembo. "Tiketi ninagula ndine, mafizi nilipila ndine. Ati nikhale panja?"

Ndinawavomereza ndi mutu wonse. Tinayamba nyimbo yathu ija imene timaimba tikakumana awiri kapena atatu: dziko lino limaononga ana, limawaphunzitsa kubisira makolo, mwana akangofika zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akuti basi ndi mfumu. Tikanaiimba mpaka kumapeto, koma Mphatso anatidula.

Anali atayamba kulira chitseko chitangotsekedwa. Mayi ake anamunyamula, kumugwedeza, kumuimbira, koma iye ankangodzipotokola akuloza chitseko. Anapulumuka m'manja mwawo n'kukachimenya ndi timanja take, akuitana anti ake. Mayi Tembo anatsegula chikwama kufunafuna botolo. Anapisa thumba ili, kupisa thumba ilo, ndipo atalipeza mwana analikankha. Bambo ake anati mwina wakodza. Anamuyang'ana, ali wouma. Anamupatsa bisiketi, anaiponya pansi n'kudzigwetsa pambali pake. Ophunzira odutsa ankatilambalala mwaulemu wa kuno uja, woyang'ana kumbali.

"Ali ndi kansalu kake kamene amagona nako nthawi ngati ino," anatero Mayi Tembo motsitsa mawu. "Amakasunga ndi Tadala."

Kansaluko kanali m'thumba la jekete la Tadala, kuseri kwa chitseko.

Apa m'pamene ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa pafoni paja. Kodi makalasi amene Tadala akujombawo ndi a masiku ati? Anati Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Nanga Mayi Tembo amafika kunyumba nthawi yanji? Anati zimatengera. Wowalandira akachedwa, kapena bwana akawapempha kuti awonjezere maola, amafika cha kumasana. Nanga bambo? Basi ya ku Corby imanyamuka kusanache. Nanga mwana amatsala ndi yani?

Ankamveka ndi Mphatso yekha.

Ndiye tinabwera kudzapepesa chiyani, abale anga? Tinavala masuti kudzalonjeza kuti tiwongola mtsikana wojomba, chonsecho womujombetsa anali kugubuduka pamapazi pathu, omusiyira mwanayo ali pamipando. Mlangizi uja akanandilola kulowa, ndikanayankhula bwino kwambiri. Ndikanalonjeza kuti Tadala asintha khalidwe. Tadala akanawerama n'kunena kuti wamva. Tonse tikanagwirana chanza n'kutuluka mitima ili m'malo, ndipo Lachiwiri lotsatira mpando wake m'kalasi ukanakhalanso wopanda munthu.

Musandimve molakwa. A Tembo si anthu oipa, ndipo musayambe kuwafunafuna pakhomo la tchalitchi kuti muwaloze zala. Dzina lawo lenileni si limeneli, komanso nkhani yawo ili m'nyumba zambiri kuposa mmene timavomerezera. Ndi angati mwa ife amene tinaitanitsa mng'ono kapena mdzukulu kuti adzaphunzire, pansi pa mtima tikupuma kuti ana apeza wowalera? Kuno kulibe agogo. Kulibe mnansi woti ungomuitana pampanda kuti ndionereni mwanayu ndikubwera. Sukulu ya mkaka mtengo wake umameza shifti imene ukufuna kukagwirayo. Ndiye timati ndi m'bale, azithandiza pang'ono. Pang'onopo lero ndi m'mawa umodzi, mawa ndi sabata, ndipo pofika nthawi ya mayeso padya kosi yonse.

Nanga mtsikanayo angakane bwanji? Akanize amene anamugulira tiketi, amene amagona m'nyumba mwawo ndi kudya chakudya chawo? Amayesa kugwira zonse ziwiri, buku dzanja ili, mwana dzanja ilo, ndipo paja mapanga awiri avumbwitsa. Akayamba kulephera, ndife tomwe timayamba kunong'onezana kuti atsikana a masiku ano akafika ku Mangalande amazizira mutu.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti makoleji amenewa ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi. Alipo okhala pansi ndi wophunzira kuona pamene pakuthina. Alipo othandiza kalembedwe ka ntchito za m'kalasi, alipo otha kukuwonjezera nthawi yoperekera ntchito kapena kukusamutsira ku gulu lina ngati maola sakukuyendera. Safunsa ndalama. Koma ana athu amadutsa zitseko zimenezo ngati akudutsa papolisi. Ndani anawaphunzitsa? Ndife. Timawauza kuti za m'nyumba sitiuza azungu. Timawaopseza kuti ukangotsegula pakamwa, a soshala, a boma oona za ana aja, abwera kudzatenga ana. Uphungu wa sukulu timautenga m'basi ya shifti, pakhomo la tchalitchi, ndi m'golosale ya mmwenye wa ku Limbe uja kumene timagula ufa, kwa anthu amene kolejiyo amangoionera pawindo la basi. Ku ofesi yeniyeni timapita pokhapokha atatiitana, ndipo timapita chigulu, mpaka mwini vuto amasowa poyankhulira.

Sindikunyoza mwambo wathu woperekezana. Ndauona ukugwira ntchito m'dziko lino. Munthu akamwalira kuno, ndi mwambo womwewo umene umasonkhanitsa anthu otopa kuchokera ku Corby, ku Nottingham ndi ku Derby mpaka thupi litakwera ndege. Koma akuluakulu omwewo ndi amene anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkhalapakati amathandiza mlandu ukakhala pakati pa nyumba ziwiri. Nanga vuto likakhala m'nyumba mwa mkhalapakatiyo, amulankhulira ndani wodwala m'mimbayo?

Komanso musaganize kuti mlangizi uja ndamuveka chisoti chachifumu. Pali chimene iye sakuchidziwa. Kutseka chitseko n'kosavuta. Ola lake likatha amatenga chikwama kupita kwawo, pamene Tadala akwera basi imodzi ndi anthu amene angotsekeredwa kunja aja, kukadya nawo mbale imodzi. Kwa mlangizi, kunena zimene zikukuvuta ndi ufulu wa munthu wamkulu. Kwa Tadala ndi kuulula za m'nyumba mwa mkulu wake kwa mlendo, ndipo mawu oti wosayamika akangokumatirira pakati pathu pano, amakafika ku Dedza iwe usanafike. Zimenezi sizilembedwa m'mabuku amene alangizi amaphunzira. Ndakhala ndikuzitembenuza m'mutu masiku onsewa ndipo sindinapeze mbali yogonera.

Chitseko chinatseguka patapita nthawi. Tadala anatuluka maso ali ofiira. Mphatso anamukumbatira miyendo, iye anapisa m'thumba n'kutulutsa kansalu kaja, mwana n'kukhala chete nthawi yomweyo. Tadala sanatiitane kuti tilowe. Anaima pamaso pathu akuyang'ana nsapato zake.

"Asisi, alamu, andipatsa mwayi wotsiriza," anatero. "Ntchito zimene ndinatsalira andiwonjezera nthawi, ndipo pali mphunzitsi woti azindithandiza. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa ndizikhala m'kalasi. Ndikajombanso andichotsa."

Chibwerereni mtsikanayu m'dziko muno ndinali ndisanamumvepo akuyankhula mawu ochuluka chotero pamaso pa alamu ake.

Mayi Tembo anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Sindikukhulupirira kuti unali mkwiyo. Kunali kutopa kwa munthu amene wasamalira makolo a eni usiku wonse, kenako n'kuona mwana wake akutonthola m'manja mwa wina. Ndinawamvera chisoni onse atatu, ndipo mpaka pano sindikudziwa amene ndinamumvera kwambiri.

Mawu tinagawana aja, kuthokoza kwanga, kupepesa kwa bambo ndi lonjezo la mayi, tinabwerera nawo osawagwiritsa ntchito.

Ndikulemba izi Loweruka. Lachiwiri lili pakhomo, ndipo sindikudziwa amene adzatsale ndi Mphatso. Bambo Tembo sangakanselenso shifti, ajensi yowapezera ntchito ingawaiwale. Mayi Tembo sangasiye nkhalamba zili zokha chifukwa wowalandira wachedwa. Ine Lachiwiri ndimalowa ntchito masana. Ndakhala ndikuzidziwa zimenezi kuyambira ndili pampando wa pakhonde paja, nambala ya a Tembo ndili nayo, basi ya ku Beaumont Leys ndimaidziwa pokwerera, koma foni ndangoinyamula n'kuibwezanso pathebulo kangapo konse.

Tsiku lokapepesa tinapezeka akuluakulu atatu, tonse titasita zovala. Nanga Lachiwiri m'mawa, Tadala akadzanyamula mabuku ake n'kuima pakhomo, tidzapezeka angati?