Zitseko Zisanu ndi Chimodzi za Mayi Pyo

M'kanjira kathu ka ku Bukchon, mumzinda wa Seoul, alendo satha. Amabwera atavala hanbok zobwereka, zovala zamakolo za kuno, n'kumajambula madenga ndi zipata zathu ngati mkatimo simukhala anthu. Ine zimandinyansa. Koma mnansi wanga, Mayi Pyo Mal-sun, amene adalowa m'nyumba yawo ali mkwatibwi zaka makumi asanu zapitazo, za alendo alibe nazo ntchito. Chowasowetsa mtendere ndi mwana wawo, Hye-ran.

Hye-ran ankafuna kuwasamutsira kwake, kunyumba zosanjikizana, kuti nyumba yawoyo isanduke yogona alendo. Atakangana mokwanira adapangana: mayiwo akalephera kumata okha mapepala atsopano pazitseko zawo zamapepala chisanu chisanayambe, asamuka.

Ntchito imeneyi si yamasewera. Umazula chitseko, kunyowetsa pepala lakale, kulipala, kuphika phala la ufa, n'kumata latsopano. Ukatero umavumata madzi n'kupopera papepalalo kuti likamauma likungike.

Tsiku lachitatu ndidawapeza atakhala pabwalo akupuma mwabefu, madzi akuyenderera pachibwano. Adandimvetsa chisoni.

"Amake Hye-ran, bweretsani ndikuthandizeni. Adziwa ndani?"

"Iwe? Pofika madzulo Seoul yense akhala atamva. Tachoka, ukunditchingira dzuwa."

Tili choncho, mtsikana wina wovala hanbok adakankha chipata osaodira n'komwe, foni ili m'mwamba.

"Agogo, tapoperaninso, sindinajambule!"

Adapoperadi, koma madzi onse adathera pahanbok yakeyo. Ine kuseka mpaka kukhala pansi.

Mayi Pyo adamaliza patatha masiku asanu ndi anayi. Lamlungu Hye-ran adabwera, navula nsapato, nayamba kuzungulira zipinda. Chitseko chilichonse ankachigogoda ndi chala, ndipo pepala linkalira ngati ng'oma. Adafunafuna khwinya, osalipeza.

Kenaka mayi ake adamuthirira tiyi. Tiyi wina adatayikira pansi. Zala zinali zitatupa, zikhadabo ziwiri zitathyoka.

"Amayi, manjawa..."

"Ndi anga, ndawaona kale. Chaka chamawa sindidzatha, ndikudziwa, usachite kundiuza." Adaika ketulo pansi ndi manja awiri. "Koma chisanu chino chindipeza m'nyumba mwanga. Imwa tiyi, basi yako ingakusiye."